Mbewu Ziwiri pa Mfundo Imodzi

Ndikudziwa kuti mumandiseka. Mukamadutsa m'mbali mwa munda wanga mumakodolana, ati taonani Rufina, chimanga mzere wake, nyemba mzere wake, maungu kwaokha kumapeto ngati ali ndi khate. Wina anafika pondifunsa ngati ndikufuna kukwatiwa ndi alangizi. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma poti chimanga chotong'ola chidakalipo ndipo moto sunazime, ndikuuzani chifukwa chake sindiikanso mbewu ziwiri pa phando limodzi. Mungotsitsa mawu, chifukwa achemwali ali m'nyumbamo ndipo tulo tawo n'topepuka.

Inu ana mumawadziwa achemwali anga a Enelesi ngati mayi wosalankhula, wokhala pakhonde kusankha nyemba pafupi ndi amayi. Sanali choncho. Anali munthu waphokoso, woseka mpaka misozi, woti akayamba nyimbo pamtondo ngakhale akazi a tsidya lija ankasiya ntchito. Anapita ku Tanzania kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo kumeneko anakumana ndi msodzi wina, a Shomari, amene anawalonjeza nyumba ya malata m'mbali mwa nyanja ya mchere. Nyumbayo inalipodi. Chimene alamu angawo anaiwala kutchula n'chakuti inali kale ndi mwini wake.

Mkazi wamkuluyo dzina lake anali Zuhura. Ine sindinamuone ali moyo, ndinkangomumva m'madandaulo a achemwali pa foni. Anali wamtali, wamanzere, ndipo ankakoka mwendo umodzi poyenda chifukwa nsomba ina ya munga kumchira inamulasa ali mtsikana. Analibe mwana, analibe mayi, analibe m'bale, ndipo mkwiyo wake wonse anautsanulira pa achemwali. Ankawathirira mchere mumtsuko wa madzi akumwa, kuwadulira zingwe kumunda wawo wa m'nyanja, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanawatchulepo dzina. Ankangoti Mnyasa, mmene amatitchulira ife anthu a kuno.

Amayi atatopa ndi kulira anandituma kuti ndikaone ngati mwana wawo akadali munthu, ndipo ngati akufuna kubwera ndibwere naye. Anasankha ine chifukwa ndinkapita ku Kyela, kungodutsa malire a Tanzania, kukaoda zitenje, choncho Chiswahili chopemphera madzi ndi chotukwanira ndinali nacho. Ulendo wake ndi wa masiku atatu. Ndinanyamuka Zuhura ali moyo, ndinafika atamuika dzulo lake. Ati malungo a masiku awiri okha. Ndisakunamizeni, nditamva ndinayamika Mulungu mumtima.

Kumeneko akazi salima pamtunda, amalima m'nyanja. Nyanja yakeyo si ngati yathu. Kawiri pa tsiku madzi amathawa kupita kutali, n'kusiya mchenga ndi madzi ofika m'mawondo, ndipo akazi amatsika ndi matumba kukagwira ntchito asanabwerere. Amakhoma zikhomo, kumanga zingwe, ndipo pa zingwezo amamangirira tizidutswa ta ndere zimene iwo amati mwani. Musaganize za ndere zoterera za kudambo kuno. Zija n'zolimba, zanthambi ngati zala za munthu, ndipo kachidutswa kamodzi pakatha milungu isanu ndi umodzi kamadzaza manja awiri. Akakolola amayanika padzuwa, ogula n'kubwera ndi sikelo. Mkazi aliyense amasunga mbewu yake, ndipo ambiri anailandira kwa amayi awo.

Mbewu ya achemwali inali yofiirira, yowapatsa mnansi wina mwachifundo. Nditaiona ndinamva chisoni. Inali yowonda, nsonga zikuyera n'kumathothoka, chingwe chonse osadzaza ngakhale beseni. Ndiye pobwerera kunyumba ndinaona mulu wa ndere zobiriwira pansi pa mitengo ya kokonati, kumtunda kumene madzi safika. Zinali zonenepa, zonyezimira, nthambi ngati chala chachikulu cha mwamuna. Ndinafunsa kuti wataya chuma chotere ndani.

Achemwali anandikoka dzanja kuti tisaime pamenepo. Anati ndi mbewu ya Zuhura. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mkazi akamwalira, anzake amazula zingwe zake zonse, mbewu yake n'kuitaya pamtunda kuti ife ndi dzuwa. Sagulitsa, sadzala, ndipo malo ake m'nyanja amakhala opanda chikhomo masiku makumi anayi. Anawonjezanso lamulo lina limene anauzidwa tsiku loyamba kulowa m'madzi, lakuti mbewu za akazi awiri sazimanga pa mfundo imodzi. Nditafunsa chifukwa, anati iwo sanafunse, kwa eni umangotsatira.

Ine ndinaseka. Ndinawakumbutsa kuti kwathu mbewu sataya, kuti bambo atamwalira tinagawana mtedza wawo wa mbewu ndipo mpaka lero tikudya. Ndinagwira nthambi imodzi pa mulupo. Inali itakhala padzuwa masiku awiri, koma inali yozizira ndi yonyowa ngati yangotuluka m'madzi.

"Usakhudze, Rufina," anatero achemwali. "Wabwera kudzandiona, sunabwere kudzalima."

Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinkadziona ngati mlendo wotero, wobwera kudzaphunzitsa anthu a kunyanja ulimi. Tsiku lachitatu mudzi wonse unasonkhana kukapempherera malemu, dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe madzi anali ataphwa. Ndinanamizira mutu. Anthu atangochoka ndinatenga beseni, ndinaola ndere zobiriwira zija, ndi kutsika nazo kumunda wa achemwali. Pa mfundo iliyonse pamene panali kachidutswa kofiirira ndinaikapo kobiriwira, ndi kumanga zolimba kuti zigwirane, zingwe zisanu ndi ziwiri zonse. M'mutu mwanga munali nyemba ndi chimanga za kuno, kuti chofooka chimatsamira pa champhamvu. Koma munalinso njiru, ndipo sindibisa. Pomanga mfundo yomaliza ndinalankhula mokweza, m'Chichewa, kuti iwe Zuhura wazunza achemwali zaka zisanu ndi chimodzi, tsopano uwagwirire ntchito.

Nditanena mawu amenewo madzi amene ndinaimamo anazizira, dzuwa likuotcha chomwecho. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Pamchenga panali mapazi anga obwera, ndipo pambali pake panali ena, phazi limodzi looneka bwino, linalo mzere wautali wokokeka. Ndinadziuza kuti ndi nkhanu.

Nyanja ija ili ndi masiku amene madzi saphwa mokwanira, ndipo akazi amapuma sabata yathunthu osatsika kumunda. Masiku amenewo anayamba mawa lake, choncho palibe anaona zimene ndinachita. Mulu uja unali utachepa, koma anthu anati wanyala. Ine ndinakhala chete kudikira kuti achemwali adzandithokoze.

Choyamba unali mpeni. Achemwali anali ndi kampeni kodulira ndere kamene ankakasunga pa zenera, ndipo m'mawa wina kanasowa. Tinasesa nyumba yonse. Alamu atatsegula chipinda cha Zuhura madzulo kuti atengemo ukonde, anakapeza katapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko, pomwe malemu ankapachika wake. Chipindacho chinali chokhoma chiikireni maliro, kiyi ali m'thumba mwawo.

Kenako madzi a mumtsuko anayamba kumveka mchere. Tinataya, tinatsuka, ndinakatunga ndekha pa mjigo ndi kulawa ndisanathire. Pofika masana anali a mchere. Achemwali analawa, n'kukhala pansi, ndipo anangoti kukoma kumeneku akukudziwa. M'bandakucha uliwonse kuseri kwa nyumba kunkamveka chinthu chokokedwa pamchenga, ngati thumba lonyowa, chikuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Kukacha tinkapeza pakhomo pa achemwali patanyowa, kuli kopanda mvula, ndipo pakauma pankatsala ufa woyera wa mchere. Pakhomo pa chipinda cha Zuhura panali pouma.

Tsiku lachisanu ndi chinayi madzi anaphwa ndipo tinatsika ndi akazi ena. Achemwali atafika pa zingwe zawo anaima nthawi yaitali, thumba lili pamutu. Zingwe zinali zitalemera mpaka kukhudza pansi. Anawerama, anadula nayiloni wa mfundo imodzi kuti alekanitse, koma panalibe cholekanitsa. Zidutswa ziwiri zija zinali zitalumikizana n'kukhala thupi limodzi, popanda chipsera, popanda msoko. Nthambi ina inayamba yobiriwira n'kuthera kufiira, ina yofiira yokhala ndi mizere yobiriwira mkati ngati misempha. Anayesa mfundo yachiwiri, yachitatu, chingwe chonse, ndipo ponseponse zinali chimodzimodzi.

Sanandimenye, sanakuwe. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Rufina, wandipha."

Akazi ena anabwera kudzaona. Palibe analankhula nafe. Mmodzimmodzi anabwerera kuminda yawo, ndipo amene anayandikana ndi achemwali anayamba kuzula zikhomo zawo ndi kukazikhoma patali. Pofika nthawi yoti madzi abwerere, munda wa achemwali unali wokha pakati pa mchenga.

Sabata yomweyo kunabwera mlangizi, mtsikana wophunzira wa chipewa chachikulu, amene ankayendera alimi a ndere. Iye yekha ndiye anasangalala. Anazitembenuza m'manja, kuzijambula ndi foni, n'kutifotokozera kuti zimenezi zimachitika, kuti ndere zina zikagundana pamene zili ndi mabala zimapola pamodzi, n'kusanduka chomera chimodzi chokhala ndi magazi awiri. Anati chotero nthawi zina chimakula kuposa chinzake ndipo mafunde sachithyola msanga. Ndinamufunsa ngati pali njira yozilekanitsira. Anaseka, nati mungalekanitse bwanji tiyi ndi mkaka, ndiponso mulekanitsirenji zinthu zokongola chonchi. Anapempha kachidutswa koti apite nako ku ofesi, koma Bi Tatu, mayi wachikulire amene akazi onse a m'madzimo ankamumvera, anamulanda m'manja n'kukabweza pomwe anakathyola.

Ndere zinkanenepa, achemwali akusintha. Ndinayamba kuona kuti akumanga mfundo ndi dzanja lamanzere. Nditawauza anayang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, n'kulibisa m'chitenje. Masiku angapo pambuyo pake anayamba kukoka mwendo, ati bondo likuwawa, koma mzere umene ankasiya pamchenga ndinali nditauonapo kale. Nyimbo zinatha. Ndiwo anayamba kuphika mwa njira ina, yothira zonunkhira zimene kale ankati zimawatsamwitsa. M'mawa wina ndikuwapatsa madzi osamba anandikankha n'kunditcha Mnyasa, ndi mawu okhuthala amene sanali awo. Kenako anagwira pakamwa ndi kulira ngati mwana.

Masana ena ndikuchokera ku mjigo ndinamva anthu awiri akukangana m'chipinda cha achemwali, mmodzi m'Chiswahili, mmodzi m'Chichewa, akulandana mawu mmene amachitira akazi a mitala. Wina asanamalize, wina anali atayamba kale. Ndinaima pakhomo ndi ndowa pamutu mpaka khosi linauma. Sindinasuzumire. Chitseko chitatseguka anatuluka munthu mmodzi, ndipo m'chipindamo simunatsale wina.

Kunyanja nako akazi anasiya kuwerengana. Anali ndi chizolowezi choti madzi akayamba kubwerera, Bi Tatu amawerenga mitu kuti wina asatsale. Tinkatsika anthu khumi ndi mmodzi. Masiku awiri otsatizana anawerenga khumi ndi awiri, ndipo tsiku lachitatu anangoti aliyense adziyang'anire yekha.

Amene ankandiwawa kwambiri anali alamu anga. Inu mukuganiza kuti mwamuna akanachita mantha, kapena kuthamangira kwa shehe. Iwo ananenepa. Anatsegula bokosi la Zuhura n'kupereka nsalu zake kwa achemwali. Tsiku lina atakhala pa mkeka akusoka ukonde anaitana kuti Zuhura, achemwali n'kuvomera kuchokera kukhitchini. Anadikira pang'ono n'kuitana kuti Enelesi, n'kuvomeranso. Anaseka mpaka kutsokomola. Nditawafunsa ngati alibe manyazi, anandiyankha osakweza n'komwe mutu.

"Mlamu, munthu mbuzi yake itatayika n'kubwerera yokha m'khola, aithamangitse? Ndipo wabweretsa ndiwe. Ine ndikuthokoza."

Ndinamva ngati andithira phulusa m'kamwa, chifukwa sananame.

Mawa lake masana ndinatenga mpeni ndi kutsika ndekha. Ndinaganiza kuti ngati msoko sukuoneka, ndidula nthambi zobiriwira zokha mpaka zitatha. Ndinasankha imodzi yobiriwira kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndi kuidula. Kuchokera kumtunda, mtunda woti munthu akakuwa sumumva, ndinamva kulira, ndipo mawuwo anali a achemwali enieni, amene analira nawo tsiku loika bambo. Ndinathamanga. Ndinawapeza atakhala pansi pakhomo atagwira mkono. Panalibe bala, panalibe magazi, koma nsalu ya pamkonopo inali itanyowa ndi madzi a mchere.

Anandiyang'ana ndi maso amene ndinakula nawo. Analankhula movutika, ngati munthu wopanikizidwa m'basi yodzaza.

"Wadula ine, Rufina. Chonde usachitenso kanthu. Ndilipo ndithu, ndangothinana naye. Usachitenso kanthu."

Ndinapita kwa Bi Tatu ndi kugwada. Anandisiya chogwada mpaka anamaliza kupala kokonati wake. Kenako anandiuza kuti wakhala m'madzi zaka makumi asanu ndipo zoterezi anangozimva kwa agogo ake, chifukwa kwawoko ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti mbewu ya wakufa saitola. Ndinamvetsa kuti khoswe wakhala pa mkhate. Anati njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kuzisiya m'madzi, ndipo awiriwo adzakhala m'thupi limodzi mpaka tsiku lawo. Kapena ndizule zonse, ndiyanike padzuwa masiku atatu, ndipo mmodzi adzachoka. Nditafunsa kuti achoke ndi uti, anati dzuwa silisankha, limangouma chimene chayamba kuuma. Anati chisankhocho si changa, ndikafunse mwini thupi, koma ndionetsetse amene akundiyankha.

Ndinadikira masiku awiri, achemwali akungokoka mwendo kuzungulira bwalo. Tsiku lachitatu chakumadzulo anandiitana ndi dzina la ubwana wanga, loti Fina, limene palibe wina amandiitana nalo. Anati tsitsi langa lafika poipa, ndikhale pansi andiluke. Ndinakhala pakati pa miyendo yawo mmene tinkachitira kuno pakhondepa. Anayamba kucheza Chichewa chosalala, kufunsa za mtengo wa mango wa kuseri, kukumbuka galu wathu Sautso amene anaba nyama ya Khirisimasi, mpaka anayimba pang'ono nyimbo ya amayi ya pamtondo. Ndinalira. Milungu inayi yonse ndinali ndisanawamve akucheza ndi kuyimba chomwecho. Ndipo ndinawauza zimene ananena Bi Tatu.

"Kazule, Fina," anatero, osazengereza. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndagawana naye mwamuna. Thupi sindigawana naye. Kazule zonse, tizipita kwa amayi."

Chipeso chinali m'dzanja lamanzere. Ndinachiona ndi maso anga awa, chikudutsa pafupi ndi khutu langa. Ndinakumbukanso mawu aja a pakhomo oti ndisachitenso kanthu. Ndinali ndi mayankho awiri ochokera pakamwa pamodzi, ndipo ndinasankha limene ndinkalifuna, chifukwa ndinkafuna kupita kwathu ndi kukauza amayi kuti ndakonza zimene ndinaononga.

M'mawa mwake alamu ali panyanja ndinazula zingwe zonse zisanu ndi ziwiri. Palibe mkazi anandithandiza ndipo palibe anandiletsa. Ndinasenza maulendo khumi ndi anayi, ndi kuyala pa masamba a kokonati, pamalo pomwe panali mulu uja. Achemwali anagona m'nyumba atafunda kumutu. Tsiku loyamba lisanathe, zonse zofiirira zinali zitafota n'kusanduka tiulusi takuda tothetheka ukatigwira. Zobiriwira zinangofwifwa pang'ono. Cha m'ma folo koloko tsiku lomwelo ndinamva achemwali akundiitana kamodzi kokha, mawu aang'ono, kuti Rufina. Nditalowa ndinapeza ali m'tulo, milomo itang'ambika ngati munthu amene sanamwe madzi sabata yonse. Ndinawanyowetsa milomo ndi kubwerera kukatembenuza ndere.

Tsiku lachitatu madzulo anadzuka. Anasamba, anadya, anayenda mowongoka osakoka mwendo, ndipo anati timange katundu. Alamu anakalipa tsiku limodzi, kenako anaona mulu wa ndere zouma n'kuyamba kufunafuna matumba oti akazigulitse. Ndinamva kuti mwezi usanathe anali atakwatira wina. Pokwera basi Bi Tatu anabwera kudzaima patali. Anayang'ana achemwali kwa nthawi, achemwali n'kumuyang'ananso, ndipo mayi wachikulireyo anatsitsa maso n'kubwerera osatsanzika.

Ambiri a inu munalipo tsiku limene tinafika. Munaona amayi akuvina ndi ndodo yawo, akugwiragwira nkhope ya achemwali chifukwa maso anali atayamba kale kuchita khungu. Munati ulendo wawatopetsa, n'chifukwa chake sakulankhula, ndipo kenako munati ukwati wa nkhanza umasintha munthu. Inenso ndinadziuza zomwezo kwa miyezi itatu. Ankawasambitsa amayi, kuwaphikira phala, kugona pafupi nawo, ndipo ankawasamala kuposa mmene ine ndinachitirapo.

Chimene chinandivuta chinali mchere. Ndikagula paketi Loweruka, pofika Lachitatu yatha. Ndinkakalipira ana a achimwene, ndinkakayikira anthu obwera kudzapala moto. Tsiku lina amayi ali ku tchalitchi ndinalowa m'chipinda chawo kukasesa, tsache n'kugunda chinthu pansi pa bedi. Unali mphika wadothi wovundikira ndi mbale. Munali madzi a mchere, ndipo m'madzimo munali nthambi imodzi yobiriwira, yonenepa, yamoyo, kuno ku Dedza kumene nyanja ya mchere timangoimva m'mabuku a ana. Ndinaitembenuza ndi kamtengo kufunafuna kofiira ngakhale kadontho. Munalibe.

Kumbuyo kwanga ndinamva phazi limodzi likuponda, linalo likukokeka. Sindinatembenuke. Ndinangofunsa ndili chogwada kuti, achemwali, kodi ndinu.

"Uja unamuyanika wekha," anatero, m'Chichewa chosalala chomwe chija. "Ine ndinakhalapo kale padzuwa masiku awiri, unandiona, unandigwira ndi dzanja lako. Iye anali wofooka chiyambire."

Ndinanyamula mphikawo kuti ndikauphwanye pabwalo. Sanandigwire, anangopatuka pakhomo kundipatsa njira. Anati ndikhoza kutaya, iye imfa akuidziwa ndipo siimuopsa. Koma ndikatero ndikhale nditakonza mawu okawauza amayi, chifukwa thupi ili likagwa adzafunsa kuti mwana wawo wamupha ndani, ndipo yankho lake ndi limodzi, ndine ndemwe, kaya afunse kamodzi kaya kawiri. Anatinso iye sanakhalepo ndi mayi chibadwire, ndipo awa akuwakonda.

Ndinaima pakhomo ndi mphika m'manja mpaka ndinamva ndodo ya amayi ikugogoda panjira. Anali akuitana ali patali kuti Enelesi mwanawe, tandilandira. Iye anathamanga mowongoka kukawagwira mkono, ndipo amayi anaseka. Ndinabweza mphika pansi pa bedi.

Papita zaka zinayi. Amayi amauza aliyense kuti Mulungu anawabwezera mwana wawo, ndipo kuti pa ana awo onse wachifundo ndi Enelesi. Ine ndimavomereza. Achemwali anga enieni alibe manda, alibe mtanda, palibe anawalirira kupatula ine, ndipo ndimawalira kumunda pamene palibe wondifunsa. Anandipempha kawiri, poyamba kuti ndisakhudze, kenako kuti ndisachitenso kanthu, ndipo kawiri konse ndinadziona wanzeru. Mchere ndimagula ndekha, mapaketi awiri pa sabata, ndi kukausiya pa zenera la chipindacho.

Mwamva chitsekocho? Adzuka, moto wawakopa. Tamverani bwino asanafike powala, mumva phazi limodzi lokha. Sunthani muwapatse malo pa mkekapo, ndipo muwapatse moni ndi dzina lomwe munazolowera, chifukwa amayi ali maso ndipo akumva.